Mizere Yokhota pa Mutu wa a Felesiya

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ine ndine amake Chisomo a ku Chikamveka, ndimaluka tsitsi pakhonde la sitolo ina kufupi ndi koleji ya ku Chirunga. Ndikufuna ndikuuzeni za dzanja langa lamanjali, mmene linafera ndi mmene linadzukira.

Zinayamba ndi dzanzi pa zala ziwiri zakumapetozi. Kenako chipeso chinayamba kumangondipulumuka, meshi osagwirika. Kuchipatala anati mtsempha wa pachigongono wapanikizika, ndipo anandichita opaleshoni. Ine ndinkati akangochotsa ulusi, basi ndabwerera pantchito. Ayi ndithu! Bala linapola, koma zala zinangoti lobodo, ngakhale chitenje ankachita kundimanga ndi amuna anga.

Pakhonde paja timaluka awiri, ine ndi a Felesiya. Sitinayambanepo, koma aliyense ankadziwa atsikana ake. Ndili kunyumba ndinkangomva kuti ana a sukulu onse akhamukira kwa iwo. Tsiku lina ndinapita dala kukaona. Ndinapeza mtsikana amene ndinkamuluka kuyambira chaka chake choyamba pakoleji atakhala pakati pa miyendo yawo, akuti "Anti Fele, inu ndiye muli ndi dzanja!" Abale, nsanje inandigwira. Ndinkayang'ana zala zawo zikuthamanga pamutu paja, moni ndinachita kumukoka.

Mwini sitolo anandiuzanso kuti ndikapitiriza kusowa, malo anga apatsa wina. Pemphero langa masiku amenewo silinali labwino, ndisakunamizeni. Ndinkati, "Ambuye, a Felesiya zala zawo zonse n'zamoyo, ine ndinakulakwirani chiyani?" Akuchipatala anandipatsa kampira kofinya, ndinkasankhanso nyemba kuti zala zilimbe. Koma kufinya mpira si kuluka. Woluka amafunika mutu, nanga ndani angapereke mutu wake kwa munthu wa dzanja lakufa?

Lamulungu lina masana ndinangoona a Felesiya akulowa kumpanda. Mumtima ndinati, ehe, abwera kudzandionetsa nsapato zatsopano. Iwo anangoyala chitenje pansi, nakhala pakati pa maondo anga, n'kuvula duku.

"Achemwali, lukani," anatero.

"Mwabwera kudzandiseka eti?"

"Lukani basi. Mutuwu ndi wanu mpaka dzanja libwerere."

Ndinaluka ndikulira, mkwiyo ndi manyazi zitasakanikirana. Chigongono chinkabaya, tsitsi linkapulumuka, ndinkawakoka mpaka kumva akuluma mano, koma sanadandaule. Mizere inatuluka yokhotakhota ngati msewu wokwera phiri. Ndinawauza kuti akafika kwawo amasule.

Sanamasule. Lolemba anapita nayo pakhonde mutu uli pamtunda, wopanda duku. Mwini sitolo ndi amene anandifotokozera. Akuti atsikana anaseka mpaka kugwira nthiti, n'kufunsa kuti wakulakwirani chonchi ndani, Anti? Iwo anati, "Andiluka ndi amake Chisomo. Akubwera, mpando wawo asaugwire munthu." Woluka tsitsi mutu wake ndiye chikwangwani chake, inu mukudziwa. Iwo anayenda ndi manyazi anga pamutu sabata yonse, ndipo Lamulungu lotsatira anabweranso. Anapitiriza choncho mpaka mizere inayamba kuwongoka.

Lero ndili pampando wanga. Kukazizira kachala kakang'onoka kamachitabe dzanzi, ndipo ndikaona mizere yomwe a Felesiya aluka kansanje kamanditsinabe, poti mayi amene uja amaluka, abale. Koma ndimangoti zikomo Yesu.

Inu amene mukudwala, mukuona anzanu akudutsa pamene inu mwaima, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lanu litakhala lowawa ngati langa lija. Mulungu amamva. Ine ndinkapempha zala, Iye ananditumizira mutu wa munthu amene sindinamupemphererepo n'kamodzi komwe.