Manja Kumbuyo

Pa siteji ya ku Chiwalo bambo wina ankangoyendayenda, maso kumsewu, mpaka mayi wogulitsa chinangwa chophika anatopa naye.

"Bambo, mukundithirira fumbi m'chinangwa. Mukudikira ndani?"

"A Mulipa, phungu wathu. Makolo a ana asukulu andituma ndiwaimitse, ndiwauze kuti denga la sukulu linasasuka ndi mphepo. Mvula nayo ili pafupi."

"Nanga mukunjenjemeranji? Si munawavotera nokha?"

"Mayi, amene aja anandiphunzitsa sitandade faifi asanalowe ndale. Ndikangomva dzina lawo, kumbuyoku kumayabwa."

"Ndi imvi zonsezi?"

"Imvi zili kumutu. Ndodo sinkagwa kumutu."

"Ndiye pisirani malaya, galimoto yawo ndi iyo."

Galimoto yoyera inachepetsa liwiro, kenaka inapitirira.

"Andiona, mayi. Agwedeza mutu."

"Akanaima bwanji? Woimitsa galimoto amakweza dzanja. Inu munangoima njo, manja kumbuyo, ngati muli pa asembule."

"Ndiye ndikawauza chiyani makolo?"

"Mukawauze kuti aphunzitsi akondwa, mwana wawo sanaiwale mwambo. Koma ana azipita kusukulu ndi masamba a nthochi kumutu."