Buledi wa Nsomba wa Lachisanu

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine Yohane, ndipo ndikufuna mumve za chaka chimene ana anga ankagona ndi njala chifukwa cha mlamu wanga weniweni.

Ndinali wophika pa famu ya fodya ya mzungu kufupi ndi Mwami, m'zaka za nkhondo zija. Mlamu wangayo, Paulo, ndinamutenga ndine kumudzi alibe ndi malaya omwe. Ndinamuphunzitsa kuphika buledi, kumudula mopyapyala, kupaka batala ndi kuikamo nsomba za m'chitini. Atadziwa zonse, anakauza dona, mkazi wa mzunguyo, kuti ndimaba zitinizo. Dona atatiitana tonse awiri, Paulo anangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Zoona, ndinawaona alamu." Dona anandichotsa ntchito tsiku lomwelo, m'mawa mwake Paulo n'kuvala epuloni yanga.

Zinandipweteka, abale. Mdani akakulasa sudabwa, koma uyu ankadya m'mbale yanga. Munda ndinalibe, poti dzinja lonse ndinali kukhitchini. Ana anayamba kudya gaga, ine kutchalitchi ndinkangogwada, pemphero osatuluka. Chomwe ndinatha kumuuza Mulungu n'chakuti ana adye, basi.

Yankho linabwera ndi munthu wosapemphera nafe. Che Saidi, Msilamu wogulitsa nsomba zouma zochokera ku Nyasalande, anadzabisala mvula pakhonde panga. Atamva nkhani yanga, anandisiyira nsomba ndi kathumba ka ufa watirigu. "Achimwene, inu Akatolika Lachisanu simudya nyama," anatero. "Malole akaima pa Mwami, anzanu amangomeza malovu. Manja muli nawo."

Ndinaumba uvuni kuseri kwa nyumba. Mkazi wanga ankaviika nsomba m'madzi otentha, kuchotsa minga, n'kukazinga ndi anyezi, tomato ndi tsabola pang'ono. Ine ndinkang'amba buledi pakati, kuthiramo nsombazo, n'kukulunga m'masamba a nthochi, n'kukagulitsa kwa apaulendo poima malole paja. Injini ya lole isanazizire, munthu wadya kale. Lachisanu loyamba dengu linabwerera lopanda kanthu, ndipo madzulo ake ana anga anakhuta mpaka wamng'ono anagona chakudya chili m'manja.

Ndikuthokoza Mulungu. Sindikunamizani, Paulo ndikakumana naye moni amandikakamirabe pakhosi, choncho mundipempherere. Koma inu amene mwalasidwa ndi wanu yemwe, musaleke kugwada. Ine ndinagwada ndili wokwiya, ndipo anandimvabe.