Nkhope ya amayi pakhoma la Rozita

Chaka chomwe tinabwerako ku Zambia, nkhondo itangotha, kuno ku Chipera kunalibe nyumba yoti munthu n'kuloza kuti iyi ndi ya uje. Tinatsika pa kamiyau, chigalimoto cha katundu, ndi mitolo pamutu, ndipo tinapeza udzu wofika m'khosi ndi mitengo itamera pomwe panali nkhokwe zathu. Inu atsikana, makutu azimva koma manja asaleke kuswa mtedzawo, sindinakuitanireni kudzandiyang'ana pakamwa.

Tinabwera atatu, ine, mng'ono wanga Rozita ndi mlongo wathu Zakariya, koma pothawa tinali anayi. Amayi anatsala m'njira tisanafike kumalire. Anatsegula m'mimba, miyendo inakana, ndipo tinawakwirira mothamanga pansi pa mtengo umene palibe wa ife akanaulozanso. Panalibe mwambo, panalibenso foto. Inu lero mumajambula ndi mbale ya ndiwo yomwe pa telefoni, koma nthawi imeneyo munthu ankabadwa, kubala ana mpaka kufa, osaimapo kutsogolo kwa makina ojambulira.

Rozita anali ndi dzanja kuyambira ali mwana. Akazi tonse tinkazira nyumba, koma ife tinkangopaka dothi n'kuthamangira kumunda, pomwe iye ankatsalira kulemba maluwa ndi nkhanga pakhoma, ndi katondo wofiira, makala osinja ndi dothi loyera la kudambo. Ine zinkandikwana, ndinkamufunsa ngati nkhanga zakezo tidzazidya. Nyumba yoyamba titabwerako tinafolera ndi udzu wochepa, chifukwa tinkaopa kulowa m'tchire momwe munali mabomba okwirira, choncho denga linali lalifupi, losaphimba khoma bwino.

Tsiku lina ndikuchokera kumunda ndinamupeza atagwada pakhoma, matope mpaka m'zigongono.

"Ukutani iwe, anzako akusosa?"

"Ndikuika amayi, akulu. Ndayamba kuwaiwala mphuno."

Ndinafuna kumukalipira, koma nditayesa kuwaona amayi m'mutu mwanga ndinangoona mpango ndi msana wawo ali pamtondo.

Dothi lili ndi lamulo lake, atsikana inu. Umalemba khoma likadali lonyowa, ukachedwa siligwira, ndipo mtundu umene ukuuona pamatope si umene umatsala likauma. Nkhope imene m'mawa inali ya amayi, pofika masana inali itayera ngati ya wodwala. Zakariya atabwera anati mphini za amayi zinali pa tsaya lamanzere, ine ndinati lamanja, ndipo tinakangana mpaka anachoka osadya. Koma mayi wina wokalamba amene ankatunga madzi ndi amayi kale anaima akudutsa, n'kugwira pakamwa.

"Uyu si Nambewe uyu?"

Rozita anakhala pansi pomwepo n'kulira, ndipo ine ndinalowa m'nyumba ngati ndaiwala kanthu.

Kenaka mvula inabwera, ndipo denga lalifupi lija linatilanga. Pofika nthawi yokolola chibwano chinali chitakokoloka, diso limodzi litatsika ngati misozi. Mukudziwa kuti tikakolola nyumba imazirwanso, ukapanda kutero khoma limadyeka mpaka kugwa. Ndiye Rozita ankayang'anitsitsa zotsalazo, n'kuzira pamwamba pake, n'kulembanso mofulumira dothi lisanaume. Apa m'pamene tinalakwitsa osadziwa, chifukwa chaka chilichonse sankalemba amayi, ankalemba chithunzi cha chaka chatha, ndipo chimenecho chinali cholembedwa kuchokera ku china chokokoloka. Mphuno inkachepa pang'onopang'ono, masaya ankafutukuka.

Ine ndinalibe nthawi yoima pakhoma. M'mawa kumunda, kenaka kukagulitsa zitumbuwa kwa okumba golide, masana ku alifabetizasau, sukulu ya akuluakulu, kumene ndinaphunzira kulemba tsitsi litayamba kuyera. Nditadziwa kulemba dzina loti Nambewe ndinamuuza Rozita kuti taona, amayi ndi awa, aleke kudzivutitsa ndi matope. Iye anayang'ana zilembozo n'kuti, "Amayi analibe nkhope yotere." Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha ine sikunandipezepo pakhomo.

Zaka zitapita, mwana wa Zakariya anafunsa bambo ake kuti mayi ali pakhomayo ndani. Zakariya anayang'ana nthawi yaitali.

"Sindikumudziwa ameneyu."

Mayi wokalamba uja anali atamwalira kale, panalibenso womufunsa. Chaka chimenecho Rozita anazira khoma lonse ndi dothi lakuda ndipo sanalembenso kanthu, ngakhale duwa. Madzi akatayika sawoleka.

Tsopano dzanja lake analitenga mdzukulu wake Selina, amene ali ku shikola ku Fingowe. Iyeyo wayesapo tinta, penti ujayu, pa makatoni, koma amakonda kujambula pa telefoni ndi chala. Mitundu sakumba kudambo, imangokhalamo, ndipo akalakwitsa amangokhudza, cholakwacho n'kuchoka. Atabwera kutchuthi anamva nkhaniyi, ndipo anatikhazika pansi ine ndi Rozita, amene maso ake tsopano achita nkhungu.

"Ambuya, ingondiuzani, ndiwajambula. Muno mvula silowa."

Rozita anati mphuno inali yotambalala, ine ndinati ayi. Mwanayo ankafufuta n'kuyambanso, kufufuta n'kuyambanso, ndipo makinawo sankatopa, koma tinalibe choti tiwapatse. Ine ndinanyansidwa, ndinatenga lichero n'kukakhala poteropo kupeta chimanga changa.

Patapita nthawi ndinamva Rozita akusisima, telefoni ataigunditsa kumaso.

"Akulu, bwerani. Amayi ndi awa."

Ndinapita n'kuyang'ana, ndipo ndinaona makwinya anga, mpango wanga, ndi dzino langa lothyoka. Selina anali atatopa ndi mkangano wathu n'kungojambula ine ndikupeta. Anandikoka kapulana, chitenje changachi, n'kunong'ona kuti, "Musawauze, ambuya." Sindinamuuze, ndipo Rozita amachipempha chithunzicho mwanayo akangofika. Koma chimene chimandidya n'chakuti kaya ndakalamba n'kufanana ndi amayi, kaya Rozita anangotopa ndi kusaka, ine sindidziwa. Zakariya anamwalira, ndipo padziko pano palibenso munthu amene angandiyang'ane n'kundiuza zoona.

Ndiye inu amene amayi anu alipo, ajambuleni pa matelefoni anuwo, sindikukuletsani. Koma mukatero ikani telefoniyo pansi, mukhale nawo pafupi dzuwa likadalipo, muwayang'ane bwinobwino mpaka mudziwe tsaya limene lili ndi chipsera. Ife tinkayesa kuti nkhope ya mayi munthu sangaiiwale, n'chifukwa chake sitinaiyang'anitsitse.