Mlangizi Wachinayi Sanachoke

Pa siteji ya minibasi ku Lirangwe, mayi wina wogwira kamtsikana padzanja anayamba kucheza ndi bambo wachikulire yemwe anaima pafupi naye.

"Bambo, lero ndiye tsiku langa. Ndikupita kukhoti, akandipatse mwanayu, Zulfa, mwalamulo. Ndi wa malemu mchemwali wanga."

"Zatenga nthawi?"

"Zaka. Ku ofesi yoona za ana, alangizi atatu anachoka motsatizana, kuthamangira mabungwe. Akabwera watsopano, Zulfa ayambirenso kufotokoza nkhanza za bambo ake omupeza. Mwana mpaka anasiya kuyankhula."

"Ndiye zatheka bwanji?"

"Wachinayiyu, a Evelyn a ku Chileka. Nawonso bungwe lina linawaitana ku Lilongwe, kuwalonjeza ndi galimoto yomwe, koma anakana. Akuti sangasiye ana panjira. Anthu otere alipobe, bambo!"

"Evelyn wamtali, wovala magalasi?"

"Omwewo. Mumawadziwa?"

"Ndi mwana wanga. Ulendo uno ndimapita kukamukalipira chifukwa chokana ntchitoyo."

"Ndiye mukawauza chiyani tsopano?"

"Zokalipazo zathera pompano. Kodi kukhotiko amalola aliyense kulowa? Ndikufuna ndikakhale kumbuyo, ndikamuone akuyankhulira mwanayu."