Manambala Amene Ankakana Kuima

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse amene mukuwerenga. Dzina langa ndine Zelipa, kwathu ndi ku Petauke koma ndimakhala ku Nakoli kuno ku Kabwe. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ndinatsala pang'ono kuchotsedwa pa koleji chifukwa cha kasikelo kamodzi.

Ndinkaphunzira zamagetsi, ndipo ntchito yanga yomaliza inali kupanga sikelo yoonetsa manambala, yoti amayi otola zitsulo ku Makululu aziyezera katundu wawo. Mukaika chinthu pa sikelo yotere, kachitsulo ka pansi kamatulutsa magetsi ochepetsetsa, okwera ndi kutsika malinga ndi kulemera. Amenewo ndiwo timati analogi. Sekiti yanga, kapena kuti tizipangizo tamagetsi timene ndinalumikiza, inayenera kuwasandutsa dijito, manambala amene kachipu, kaubongo ka sikeloyo, kamamva n'kuonetsa pa kagalasi. Pa kompyuta zonse zinkayenda bwino. Koma ndikalumikiza mawaya enieni, mayo ine! Njerwa imodzi yomweyo inkalemera mosiyanasiyana, manambala akungovina okha popanda woigwira.

Ndinalephera ulendo woyamba. Aphunzitsi anandiuza mosapita m'mbali kuti mwayi watsala umodzi, ndikalepheranso ndilongedze. Anzanga onse anakhoza n'kumapita, mu labu ndinatsala ine ndi mipando. Ngakhale pamene analipo sindinali nawo pafupi, poti mkazi ndinali ndekha m'kalasi ndipo Chibemba changa chinkangowaseketsa. Ndinasintha chipu kawiri, ndinasintha chaja, ndinalembanso pulogalamu, koma ayi ndithu. Amayi akaimba foni kuchokera kumudzi ndinkangoti zonse zili bwino, ndikadula n'kuyamba kulira. Kusungulumwa kumapweteka abale, makamaka vuto lako likakhala loti ngakhale utalifotokoza palibe angalimve. Ndinafika pomufunsa Mulungu mokwiya kuti anandibweretseranji kuno.

Lamlungu lina, kutatsala sabata imodzi kuti mayeso omaliza achitike, ndinapita ku tchalitchi sikeloyo ili m'chikwama chifukwa ndinkafuna kupitirira ku labu. Nyimbo sindinaimbe nawo. Pemphero langa linali lalifupi chabe, kuti Ambuye, nzeru zandithera, nditumizireni munthu. Potuluka, a Daka, mkulu wa mpingo wokalamba amene ndinkangowapatsa moni, anaona mawaya akusuzumira m'chikwamamo. Ine sindinkadziwa kuti anagwira ntchito ya masiginolo a sitima mpaka kupuma.

"Mwana wanga, wanyamula chiyani umu?" anandifunsa.

Ndinawaonetsa monyinyirika, mumtima ndikuti madala awa angadziwe chiyani za dijito. Mundikhululukire Ambuye. Tinakhala pa benchi kuseri kwa tchalitchi, ndipo ndinaiyatsa ndi batire. Za pulogalamu sanafunse n'komwe. Anapempha mahedifoni a foni yanga, nakhudzitsa nsonga yake pa mbali ya analogi, n'kundiuza kuti ndimvere ndekha. Ndinamva kaphokoso ka tsiii, tsiii, kakulira nthawi iliyonse manambala akasintha pa kagalasi.

"Manje analuka mawaya awa ndani?"

Ndinayankha monyada kuti ndine, atate. Loweruka ndimaluka anthu tsitsi, ndipo popeza aphunzitsi ankakonda ntchito yaudongo, mawaya onse ndinawaluka chingwe chimodzi chokongola. A Daka anaseka mpaka kutsokomola.

"Waluka bwino ndithu, koma waluka adani pamodzi. Awa opita ku kagalasi amakuwa, awa ochokera ku kachitsulo amanong'ona. Kachipu kako kamva bwanji?"

Ndinamasula pomwepo mwamanyazi. Mawaya a kachitsulo ndinawapota okhaokha n'kuwadutsitsa kutali ndi a kagalasi. Anandionetsanso kuti graundi (waya wobwererapo magetsi) ya analogi ndi ya dijito iliyonse iyende yokha, zikakumane pamalo amodzi basi. Titatha, anaika Baibulo lawo pa sikelo. Nambala inabwera, n'kuima. Ndinadikira kuti iyambe kuvina, osavina. Ndinalira ngati mwana, anthu otsalira pa tchalitchi akundiyang'ana.

Tsiku la mayeso aphunzitsi anaika mwala woyezera, anauchotsa, anauikanso katatu konse, nkhope ili gwa. Nambala inali yomweyo. Anangogwedeza mutu n'kuti, wakhoza Zelipa.

Ndikuyamika Mulungu amene anamva pemphero la munthu wokwiya ngati ine, ndipo ndikuthokoza a Daka amene sananyansidwe ndi matama anga. Inu amene mukulimbana ndi chinthu panokha, musataye mtima ndipo musaleke kupemphera, komanso musachibise. Ine ndinavutika ndekha miyezi yonse ija, pamene munthu amene Mulungu anandikonzera ankakhala mabenchi atatu kutsogolo kwanga Lamlungu lililonse, ndipo ndinkangomupatsa moni n'kudutsa.