Magazi a Humphrey

— Halo?

— Halo, alamu a Dora? Ndine Gladys, kuno ku Mfuwe.

— Oo, mkazi wa Humphrey! Mwaswera bwanji, mlamu?

— Taswera bwino, kaya inu ku Msoro uko?

— Tilipo, thonje lokha ndilo likutithyola msana. Nanga thupi?

— Likulemera. Miyezi yakwana faivi.

— Mmm. Kwagwanji lero? Inu mumangofulasha, simuimba.

— Ndaika tokitaimu yochepa, ndiye musandidule mawu. Sabata latha ku sikelo anandiyeza magazi.

— Magazi? Mlamu, ngati mukufuna kunena kuti mlongo wanga wakutengerani matenda ku loji komwe amagwira ntchito...

— Sindinatero.

— Mawu anu akulowera komweko.

— Kachilombo tinayezetsa tonse, tilibe. Izi ndi zina. Ati sikoselo.

— Siko chiyani?

— Sikoselo. Nesi akuti ine sindidwala, koma mbewu yake ili m'magazi mwanga. A Humphrey akakhala nayonso, mwana atha kubadwa wodwala. Ndiye akufuna awayeze.

— Apite kumene. Nanga magazi ake ali ndi ine?

— Akukana. Ndinawaimbira ku kampu yawo ya m'paki, poyamba ankamva bwinobwino. Nditangotchula zizindikiro, kutupa manja ndi mapazi, maso achikasu, mwana kulira mafupa, anangoti alendo afika. Mpaka lero foni njozimitsa.

— Netiweki ya m'paki mukuidziwa.

— Alamu, munthu anapita kukayezetsa kachilombo akuseka, lero aope kajakisoni?

— Manje ine nditani?

— Nesi anandifunsa ngati kwa amuna anga kunafako ana odwala chonchi. Ndinati iyayi, chifukwa munandiuza kuti munabadwa awiri chabe. Koma m'sutikesi mwawo muli chithunzi. Inuyo, iwo, ndi tianyamata tiwiri.

— Mumapisa m'sutikesi mwa amuna anu?

— Ndinkafuna khadi lawo la kuchipatala. Ana aja ndani?

— Wakutumani ndani, Gladys? Mwaonana ndi munthu wa kutsidya kwa mtsinje wa Lupande?

— Kutsidya kuli ndani?

— Palibe.

— Ndiye mwakutchuliranji? Halo? Alamu?

— Ndilipo. Dikirani ndipite kuseri kwa nkhokwe, pano pali makutu.

— Fulumirani, tokitaimu ikutha.

— Paskale ndi Fabiano. Ang'ono athu. Wina anapita ali ndi zaka zitatu, wina zisanu.

— Ankadwala bwanji?

— Mwanena kale inu.

— Manja?

— Timanja ngati mabanzi. Maso ngati anawapaka chikasu cha dzira la nkhanga... iyayi, kuposa pamenepo. Akalira, amayi ankatuluka panja kutseka makutu.

— Mayo ine! Ndiye munandibisiranji? Ndili ndi mwana wanu m'mimba!

— Sizinali za magazi zija, mlamu. Anachita kulodzedwa. Aliyense akudziwa.

— Ndi ndani?

— Azakhali athu, a Esnati. Analibe ana, ndiye ankakonda kuwanyamula anyamatawo, kuwapatsa masau. Atamwalira wachiwiri, sing'anga anatchula iwo.

— Nesi akuti matendawa mwana amatengera kwa mayi ndi bambo, onse awiri. Palibe wowaponya.

— Nesi wanuyo analipo?

— Panalibe. Koma zizindikiro wazitchula osakuonani.

— Mmm.

— A Esnatiwo ali kuti?

— Kutsidya kuja. Akalamba, maso anafa. Nyumba yawo inapsa usiku wa maliro a Fabiano, anathawa ndi chitenje chimodzi.

— Inapsa yokha?

— Humphrey anali ndi zaka fifitini. Fabiano ankagona naye mphasa imodzi.

— Alamu, mukuti chiyani?

— Mwamva. Si jakisoni akuopa, Gladys. Akamupeza nayo mbewu yanuyo, ndiye kuti anaotcha nyumba ya munthu wosalakwa.

— Koma mwana wangayu sanaotche kanthu! Nesi akuti akadziwa msanga amayamba kumuteteza akangobadwa, ana otere masiku ano amakula. Mwinanso sadwala n'komwe. Koma ine sindikugona, ndikungogwira mimba kuyerekeza timanja totupa.

— Musalire. Akutuluka liti ku kampu?

— Lachisanu, folo koloko... iyayi, fotini awazi.

— Ndikwera basi ya m'mawa. Mukauze nesi akonze majakisoni awiri.

— Awiri?

— Ayambe ine, iye akuona. Akaona ine ndatambasula mkono, sathawa.

— Mukutsimikiza? Sakumverani kawirikawiri.

— Pa izi andimvera. Machesi aja ndinamupatsa ndine.

— Alamu...

— Ndipo zotsatira zikatuluka monga mukunenamo, Loweruka tiwoloka Lupande. Mundigulireko shuga ndi chitenje chabwino, ndidza... Halo? Gladys? Halo?