Ndinakana mphasa, ndinatenga mkeka

Ndiwerengereni nkhani yangayi, ine ndine mayi wa ku Golomoti. Amuna anga atagonekedwa m'chipatala, ndinapita pamsika kukagula chogonera choti ndinyamule pokawadikirira.

Bambo wogulitsa anati, "Mayi, tengani mphasa. Simenti ya kuchipatala imazizira, mkeka sutchinga."

Ndinakana. Kwathu kugula mphasa yatsopano pakhomo pali matenda kuli ngati wayamba kukonzekera maliro. Ndinatenga mkeka, wopepuka, wosavuta kusenza. Kuzizira kunandilowa m'mafupa, koma ndinkati bola iwo achire.

Sanachire. Mphasa yoyala m'manda alamu anga anakagula kwa bambo yemwe uja.

Mkekawo ndikugonerabe mpaka lero. Kaya pansi pazizira, kaya ayi, ine sindimvanso kanthu.